E-reader ku Harare: zimene imatha, zimene imalephera, ndi malo a Chichewa m'menemo

Anthu ambiri akaona e-reader, kachipangizo kowerengera mabuku pa sikirini, koyamba amaiyesa tabuleti yotchipa, ndipo akaigwira kwa mphindi zingapo amagwa mphwayi. Sikirini yake ndi yotuwa, tsamba likamasintha limaphethira, WhatsApp mulibe, mpira simungaonerepo. Ndiye munthu amafunsa kuti, ndiwonongerenji madola anga pa chinthu chimene foni ya m'thumba mwangamu ikuchiposa pafupifupi pa zonse? Funsoli n'lomveka, makamaka kuno ku Harare kumene dola imakhala itapeza kale ntchito isanafike m'manja. Ine kachipangizoka ndimakakonda ndipo ndimakaikira kumbuyo, koma osati pa zonse zimene ogulitsa amanena. Powerenga buku lalitali palibe chokaposa. Pa intaneti n'kofooka zedi. Pophunzira chinenero zimatengera kuti ndi chinenero chiti, ndipo apa m'pamene ife olankhula Chichewa tili ndi nkhani yoti tikambirane.

Zabwino ndi zoipa zake zonse zimachokera pa sikirini. Sikirini ya foni ndi nyale, imatulutsa kuwala kolunjika m'maso, ndipo nthawi yonse imene yayaka ikudya batire. Ya e-reader inapangidwa mwina. Mkati mwake muli timatumba ting'onoting'ono mamiliyoni, kalikonse kukula kwake n'kofanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. M'timatumbamo muli timadzi ndi tinjere ta mitundu iwiri, toyera ndi takuda, ndipo mitundu iwiriyi ili ndi mphamvu za magetsi zotsutsana. Magetsi akagunda pansi pa katumba, mtundu umodzi umakwera pamwamba, winawo n'kutsikira pansi. Pamene pakwera toyera mumaona pepala, pamene pakwera takuda mumaona chilembo. Chachikulu n'chakuti tinjereto tikakhazikika timakhala pomwepo popanda kufuna magetsi ena. Tsamba likhoza kukhala chitsegukire tsiku lonse osadya kanthu. Mphamvu imapita mukatembenuza tsamba, mukayatsa nyale yake, kapena mukasiya Wi-Fi ili chiyakire.

Luso limeneli linachokera ku MIT Media Lab ku America, ndipo kampani ya E Ink inakhazikitsidwa mu 1997 kuti ilipititse pamsika. Sony ndi imene inayamba kugulitsa chowerengera cha mtunduwu ku Japan mu 2004, dzina lake Librie. Amazon inatulutsa Kindle mu November 2007 pa mtengo wa madola 399, ndipo Kobo ya ku Canada, imene lero ili m'manja mwa Rakuten ya ku Japan, inabwera mu 2010. Palinso PocketBook ndi Onyx Boox. Pafupifupi onsewa amagula masikirini awo ku kampani imodzi yomwe ija ya E Ink, imene tsopano likulu lake lili ku Taiwan. N'chifukwa chake zilembo zimaoneka zofanana pa onse. Amasiyana pa mapulogalamu a mkati ndi pa sitolo ya mabuku imene aliyense amakukokerani.

Chifukwa chake ikuyenerera mzinda uno

Aliyense wokhala ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa akukumbukira 2019 ndi kumapeto kwa 2022, pamene madzi anatsika kwambiri ku Kariba ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Pa masiku ngati amenewo foni siiseweretsedwa. Batire lake mumalisungira EcoCash, mauthenga a ntchito, tochi, ndi kuimbira abale. Palibe kholo limene lingalole mwana kumaliza batire la foni powerenga buku la masamba 300. E-reader imachotsa vuto limenelo. Opanga amati imatha masabata angapo isanafune kutchajidwa, ndipo n'zoona, koma dziwani kuti amawerengera munthu wowerenga theka la ola pa tsiku Wi-Fi itazimitsidwa. Wowerenga kwambiri amatchaja kawirikawiri kuposa pamenepo. Komabe batire lake ndi laling'ono moti kasola kakang'ono kapena power bank imalidzaza mosavuta, ndipo magetsi akabwera pakati pa usiku maola ochepa okha akwanira.

Kuyambira cha mu 2012 zambiri zili ndi nyale yake. Nyaleyi siili kumbuyo kwa sikirini. Ndi timababu tokhala m'mphepete, timene timawalitsa pamwamba pa tsamba, choncho mukhoza kuichepetsa mpaka kufika poti mukuwerenga m'chipinda chimene ena akugona popanda kuwasokoneza. M'nyumba za mabanja akuluakulu, momwe ana anayi amagona chipinda chimodzi, zimenezi si zazing'ono. Masana zinthu zimatembenuka. Foni padzuwa sioneka, pamene e-reader imaoneka bwino kwambiri dzuwa likamawala, chifukwa imagwiritsa ntchito kuwala kwa panja monga limachitira pepala. Pamzere wa kombi ku Copacabana kapena ku Market Square mukhoza kumaliza mutu wathunthu.

Pa data napo m'pabwino. Buku la nkhani lopanda zithunzi nthawi zambiri limakhala pafupifupi megabyte imodzi, kuchepera kavidiyo kamodzi ka pa gulu la WhatsApp. Mukalitsitsa kamodzi latha, simufunanso netiweki. Kachipangizo ka 8 GB kamasunga mabuku masauzande.

Koma phindu limene ine ndimaliika patsogolo ndi lina, ndipo silioneka pa bokosi. E-reader siikuitanani. Siilira, siionetsa kuti wakuti watumiza uthenga, siikukumbutsani za gulu la kumpingo kapena la maliro. Sindikunyoza kuwerenga pa foni ayi. Mu 2014 bungwe la UNESCO linatulutsa kafukufuku wa anthu owerenga pa foni m'mayiko asanu ndi awiri, Zimbabwe ili m'gululo, ndipo anaonetsa kuti foni yafikitsa mabuku kwa anthu amene analibe kowapeza. Tikudziwanso kuti olemba nkhani za Chishona ambiri amagulitsa mitu ya mabuku awo pa WhatsApp ndipo ali ndi owatsatira ochuluka. Zimenezo n'zabwino. Koma yesani kuwerenga buku lovuta la mbiri yakale kapena la malamulo pa foni, muone kuti mufika tsamba lachingati uthenga usanakuchotsenipo. Maganizo aatali amafuna kuti munthu akhale nawo ola lathunthu osadukiza, ndipo foni inapangidwa dala kuti izikudukizani.

Msampha wa PDF

Apa m'pamene ambiri amagula n'kudandaula, makamaka makolo ogulira ana a sukulu. Mabuku a pakompyuta ali m'mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba ndi EPUB, pamodzi ndi abale ake a Amazon monga AZW3. Mu mtundu uwu mawu sanakhomedwe pa tsamba. Mukakulitsa zilembo, mizere imadzikonza yokha kuti ikwane sikirini. Agogo amene maso ayamba kuvuta akhoza kukulitsa zilembo mmene akufunira, buku n'kumawerengekabe bwinobwino. Mtundu wachiwiri ndi PDF, imene ili ngati chithunzi cha tsamba, chilichonse chili pamalo pake ndipo sichisuntha.

Tsono zimene ana athu amagawana, mapepala akale a mayeso a ZIMSEC, manotsi a aphunzitsi, mabuku a masamu ndi sayansi, pafupifupi zonse ndi PDF za pepala la A4. Sikirini ya e-reader wamba ndi mainchi 6 kapena 7. Kupanikiza tsamba la A4 m'menemo kumachititsa zilembo kukhala nyerere. Mukalikulitsa muyenera kumalikankha uku ndi uku, ndipo popeza sikirini imachedwa kusintha, mtima umatha msanga. Choipirapo n'chakuti PDF zambiri zoterezi zinachita kujambulidwa ndi kamera kapena sikana. Kwa kachipangizoka m'menemo mulibe mawu, muli chithunzi chabe, choncho simungafufuze liwu kapena kutsegula dikishonale.

Njira zochepetsera vutoli zilipo. Mukhoza kugoneka sikirini cham'mbali kuti muziona theka la tsamba. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa KOReader, imene imaikidwa pa Kobo, PocketBook ndi zoyendera Android, imene imadula m'mphepete mopanda kanthu ndi kuyalanso mizere ya PDF. Palinso ma e-reader a mainchi 10, monga Kindle Scribe imene inatuluka mu 2022, koma mtengo wake ndi wa laputopu yakale. Ndinene mosapita m'mbali: ngati chimene mwana wanu akufuna ndi mapepala a mayeso okhala ndi zithunzi za sayansi ndi mapu, mugulireni tabuleti kapena musindikizireni mapepalawo. E-reader yaing'ono ndi ya mabuku a mawu, monga a literature, a mbiri, a chipembedzo ndi nkhani zopeka.

Mabukuwo ndi a ndani?

Kugula buku m'sitolo ya Amazon kapena ya Kobo kumafuna khadi yolipirira kunja, ndipo si aliyense ali nayo. Ngakhale mutagula, mabuku ambiri amakhala okiyidwa ndi loko yotchedwa DRM, imene imamangirira bukulo ku akaunti yanu ndi ku zipangizo za kampaniyo. Simungabwereke mnzanu monga timachitira ndi buku la pepala, ndipo mukasamuka kuchoka pa Kindle kupita pa Kobo mabukuwo sakutsatirani. Mu 2009 Amazon inafufuta buku la George Orwell lotchedwa 1984 m'zipangizo za anthu amene anali atagula kale, chifukwa amene analiika m'sitolomo analibe chilolezo. Inabweza ndalama ndi kupepesa, koma anthu anaphunzirapo kuti chimene mumagula ndi chilolezo chowerengera, osati bukulo. Mu February 2025 kampani yomweyo inachotsa njira yotsitsira mabuku ogula pa kompyuta kuti muwasamutse ndi kebulo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Buku lanu lenileni ndi fayilo yopanda loko imene mwaisunga nokha pa kompyuta kapena pa flash.

Mafayilo otere alipo ochuluka, ndipo ndi ovomerezeka. Project Gutenberg, imene anaiyambitsa Michael Hart mu 1971, ili ndi mabuku oposa 70,000 amene umwini wake unatha nthawi. Standard Ebooks imatenga ena mwa amenewo n'kuwakonza bwino. Mabuku akale a Chingerezi amene amaphunzitsidwa m'sukulu, monga a Shakespeare ndi a Dickens, ali m'menemo kwaulere. Chida chosungira ndi kusamutsira zonsezi ndi Calibre, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta imene anailemba Kovid Goyal. Imasintha buku kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina ndipo imalilowetsa mu e-reader kudzera pa kebulo, popanda intaneti. Munthu mmodzi wokhala ndi laputopu akhoza kudzazira mabuku banja lonse.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa. Mabuku a olemba a kuno ndi a ku Malawi, amene akadali moyo ndipo ali ndi ana oti adyetse, amayenda m'magulu a WhatsApp ngati PDF zakuba, monga momwe mabuku ochita fotokope amayalidwira m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Kuba buku la munthu amene anamwalira zaka 200 zapitazo n'kosatheka, chifukwa ndi la aliyense. Koma wolemba wa ku Highfield kapena wa ku Zomba akabedwa kawiri katatu amasiya kulemba, ndipo otaya ndife owerenga.

Intaneti

Pa nkhani iyi sindichedwapo. Ma e-reader ambiri ali ndi browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, koma ndi yongothandizira pangozi. Amazon yeniyeniyo inakhala zaka zoposa khumi ikulemba kuti browser ya Kindle ndi yongoyeserera. Tinjere tija timatenga nthawi kuti tisunthe, choncho vidiyo siyenda, ndipo mukamatsitsa tsamba mumaona mthunzi wa zimene zinalipo kale. Injini yake ndi yaing'ono, masamba odzaza zotsatsa malonda amailemera. Zambiri zilibe polowetsa SIM khadi, zimadalira Wi-Fi kapena hotspot ya foni, ndipo bandulo ya WhatsApp yokha siingakuthandizeni, pamafunika data wamba. Zimene zimayenda bwino ndi masamba a mawu okhaokha monga Wikipedia, ndi kutsitsa buku ku Gutenberg.

Njira yanzeru ndi yotembenuza ntchito. Fufuzani pa foni, werengani pa e-reader. Mukapeza nkhani yaitali pa foni, itumizeni ku Kindle kudzera pa Send to Kindle, imene kuyambira 2022 imalandiranso EPUB. Eni Kobo ankagwiritsa ntchito Pocket, pulogalamu yosungira nkhani zoti muwerenge nthawi ina, mpaka mwini wake, Mozilla, ataitseka mu July 2025, ndipo Kobo inaika Instapaper m'malo mwake. Mukafika pamene pali Wi-Fi, kuntchito kapena kusukulu, nkhani zonse zimalowa nthawi imodzi, n'kukaziwerengera kunyumba. Onyx Boox imayendera Android ndipo imalola mapulogalamu ambiri a pa foni, koma mtengo wake ndi wokwera, batire limatha msanga, ndipo phokoso lija munalithawa pa foni limakupezani komweko.

Musanagule yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya m'mashopu a zamagetsi m'tauni kaya kwa wina wobwera nayo kuchokera ku Johannesburg, yang'anani zinthu zitatu. Tsegulani tsamba loyera muone ngati pali mizere kapena chigawo chosasintha, chifukwa pansi pa sikirini pali galasi lopyapyala limene likasweka silikonzeka. Onetsetsani kuti mwini wake woyamba anachotsamo akaunti yake ndipo ikulola kuti mulowetse yanu. Kenako igulireni chikuto cholimba tsiku lomwelo, popeza chimene chimapha zambiri si kugwa ayi, koma kupanikizika m'chikwama mu kombi yodzaza. Yatsopano yotsika mtengo imaposa pang'ono madola 100 kumene imachokera, ndipo ikafika kuno imakwera.

Kuphunzira chinenero

Kwa wophunzira Chingerezi, e-reader ndi mphunzitsi woleza mtima kwambiri. Mukakumana ndi liwu lachilendo mumangolidina ndi chala kwa kamphindi, tanthauzo n'kutulukira pomwepo, popanda netiweki, chifukwa dikishonale imakhala mkati. Amene anaphunzirapo ndi dikishonale ya pepala akudziwa kuti ukamaliza kufufuza liwu umakhala utaiwala chiganizo chimene umawerenga, ndipo pamapeto pake umangoyamba kudumpha mawu. Apa ulusi wa nkhani suduka. Kindle ilinso ndi Vocabulary Builder, imene imasunga liwu lililonse limene mwafufuza pamodzi ndi chiganizo chimene munalipezamo, n'kupanga timakhadi tobwerezera. Ilinso ndi Word Wise, imene imalemba tanthauzo lalifupi pamwamba pa mawu ovuta m'mabuku ena a Chingerezi.

Komabe kufufuza kosavutaku kuli ndi msampha wake. Akatswiri a kaphunzitsidwe ka zinenero, mmodzi mwa iwo Paul Nation wa ku New Zealand, anapeza kuti munthu amawerenga momasuka ndi kumvetsa payekha ngati akudziwa pafupifupi mawu 98 pa 100 aliwonse a m'bukulo. Ndiye kuti liwu limodzi lachilendo pa mawu 50. Mukatenga buku limene mzere uliwonse uli ndi mawu atatu osawadziwa, dikishonale yofulumira siikupulumutsani, mungotopa. Sankhani buku lopepuka kuposa mmene mtima ukufunira, muwerenge ambiri, ndipo liwu mulifufuze likabweranso kachiwiri kapena ngati chiganizo sichikumveka popanda ilo. Kukumbukira nako kuli ndi lamulo lake. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimene taphunzira timaziiwala m'masiku oyambirira, pokhapokha titazibwereza motalikitsa nthawi pang'onopang'ono. Pulogalamu ya Anki ya pa foni imachita ntchito imeneyo bwino kuposa timakhadi ta Kindle, choncho ambiri amawerengera pa e-reader n'kumabwerezera mawu pa foni.

Zomwezi zimathandiza okonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti akagwire ntchito kunja, ophunzira Chifalansa ku Alliance Française, ophunzira Chijeremani, ndi amalonda odutsa ku Nyamapanda amene amafuna Chipwitikizi cha ku Tete. Zinenero zonsezi zili ndi madikishonale ake okonzedwa kale. Chimene e-reader singakupatseni ndi pakamwa ndi khutu. Zina zimalumikizika ndi mahedifoni n'kumawerenga mokweza, koma katchulidwe ndi kuyankhana zimafuna anthu.

Tsopano tibwere kwathu. Makolo athu ambiri anafika m'dziko muno kuchokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi kum'mawa kwa Zambia, ena wapansi, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Anabwera ndi chinenero chawo ndipo anachisunga m'mipingo, m'mizikiti, m'mabungwe a maliro ndi ku gule. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, m'ndime 6, amatchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa chili m'gululo. Koma pitani ku Mbare kapena ku Tafara mumvere zidzukulu. Zambiri zimamva Chichewa koma zimayankha m'Chishona, ndipo zimene zinagwirapo buku la Chichewa losakhala Baibulo kapena la nyimbo n'zowerengeka. Vuto si ana. Mabukuwo kuno sapezeka. Kuti mupeze buku la nkhani la Chichewa muyenera kutuma munthu wokwera basi ya ku Blantyre. Apa m'pamene e-reader ikanatithandiza koposa, chifukwa fayilo siifuna basi, siifuna pasipoti, ndipo siilipira kanthu pa malire.

Koma mukaitsegula mupeza kuti sitilimo. Kindle ndi Kobo zilibe dikishonale ya Chichewa, ngakhale ya Chishona. Mukadina liwu la Chichewa zimangoti silikupezeka. Madikishonale abwino alipo pa pepala. Pali Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ya University of Malawi, wa mu 2000. Pali ya Chichewa ndi Chingerezi imene anasonkhanitsa Steven Paas. A Chishona ali ndi Duramazwi reChiShona ya 1996. Onsewa ali ndi eni ake, ndipo ndi eni akewo amene angalole kuti akonzedwe m'mtundu wolowa mu e-reader.

Ngakhale atalola, patsala vuto lina limene anthu ambiri saliganizira. Mukadina liwu la Chingerezi lakuti went, kachipangizoka kamakuonetsani go, chifukwa mkati mwa fayilo ya dikishonale muli mndandanda wobisika wa maonekedwe onse a liwu lililonse. M'Chingerezi mneni amakhala ndi maonekedwe anayi kapena asanu, ndiye mndandandawo ndi waufupi. M'Chichewa mneni amanyamula chiganizo chathunthu. Tengani liwu lakuti sitinawaonenso. Muli kukana, muli ife, muli nthawi yakale, muli iwo, muli kubwereza, ndipo tsinde lake limene lili mu dikishonale ndi ona, lobisika pakati. Kuchokera pa ona yemweyo mumapeza ndikuona, adzationa, mukadzaonana, osaonetsa, zooneka, ndi ena masauzande. Mwana akadina lililonse mwa amenewa, dikishonale yongokopedwa kuchokera pa pepala ingakhale chete. Mayina ndi osavutirapo, popeza munthu ndi anthu, mudzi ndi midzi, n'zotheka kuzilemba zonse. Aneni ndiwo akufuna ntchito. Pafunika munthu wodziwa galamala ndi wina wodziwa kompyuta akhalire pamodzi, atenge zolembedwa zambiri za Chichewa, asankhe maonekedwe amene amabwera kawirikawiri, n'kulumikiza lililonse ku tsinde lake. Safunika kulemba onse otheka. Mawu masauzande angapo obwerabwera ndiwo amadzaza gawo lalikulu la tsamba lililonse. Chishona chili ndi vuto lomweli ndendende, moti achinyamata a kuno odziwa zinenero ziwirizi ndiwo ali pamalo abwino kuposa wina aliyense kuti aigwire ntchitoyi. KOReader imalandira madikishonale a mtundu wa StarDict, umene ndi wotseguka kwa aliyense, choncho safunika kudikira chilolezo cha kampani ya kunja kuti ayambe.

Pakadali pano chowerenga chilipo pang'ono. African Storybook, ya bungwe la Saide la ku South Africa, ili ndi timabuku ta ana m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa ndi Chishona zili momwemo, ndipo ndi taulere. Bloom Library nayo ili ndi timabuku totere. Popeza ndi ta zithunzi, pa e-reader wamba timaoneka totuwa, ndipo ngakhale za mitundu zimene Kobo ndi Amazon anatulutsa mu 2024 mitundu yake ndi yofooka, choncho ana aang'ono amasangalala nato kwambiri pa foni. Baibulo, kaya Buku Lopatulika la 1922 kaya Buku Loyera la 1998, ambiri amaliwerengera pa mapulogalamu a pa foni. Wikipedia ya Chichewa ilipo koma ndi yaing'ono. Chimene chikusowa kwenikweni ndi chowerenga cha mwana wa zaka 12 kupita m'tsogolo, nkhani yaitali yokoma imene ingamugwire mpaka usiku.

Mbali ina ya kusowaku tingaitseke tokha, ndipo sipafunika ndalama. M'nyumba zambiri muli agogo amene akukumbukira nthano, miyambi, nyimbo za pamtondo, dzina la mudzi ndi la mfumu kumene anachokera, ndi ulendo umene unawafikitsa ku Salisbury, Harare wa lero. Apempheni, akalola ajambuleni mawu pa foni, kenako mdzukulu alembe pa kompyuta. Za kudambwe zisiyeni kudambwe, eni ake akudziwa malire. Zina zonse zilembedwe mmene agogowo akuyankhulira, ngakhale mutalowa mawu a Chishona kapena a Chisena, chifukwa chimenecho ndicho Chichewa cha kuno ndipo sichinalembedwe mokwanira. Mdzukulu wolembayo adzafunsa kuti liwu ili likutanthauzanji, ili limalembedwa bwanji, ndipo phunziro lake la chinenero lidzakhala litayamba kale.

Kusandutsa zolembazo kukhala buku n'kosavuta. Lembani mu Word kapena LibreOffice, mutu uliwonse muuike ngati mutu weniweni kuti pakhale mndandanda wa zamkati, kenako lowetsani fayiloyo mu Calibre muisinthe kukhala EPUB. Pamalo ofunsa chinenero cha bukulo sankhani Nyanja kapena Chichewa, malinga ndi dzina limene likuoneka pamenepo. Mukasiya pa Chingerezi, e-reader imadula mawu kumapeto kwa mzere motsata malamulo a Chingerezi, ndipo liwu ngati ndikukuthokozani limaduka pamalo osayenera. Ngati mumalemba ŵ wokhala ndi kachipewa, tsegulani bukulo pa kachipangizoka muone ngati chilembocho chikuoneka bwino, ngati sichikuoneka sinthani mtundu wa zilembo. Fayilo yake imakhala yaing'ono kwambiri moti imadutsa pa WhatsApp ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo wachibale wa ku Dedza kapena ku Chipata amene alibe e-reader akhoza kuitsegula pa foni ndi pulogalamu iliyonse yowerengera EPUB.